Tchuthi cha masika ku Clarens, m'mapiri a Free State: mafunso ndi mayankho

Mvula ikangoyamba kutsazika, anthu athu okhala ku Johannesburg, Pretoria ndi madera ena a Gauteng amayamba kufunsana za Clarens, makamaka akaona zithunzi za mitengo yachikasu zikuzungulira pa Facebook ndi pa WhatsApp. Mafunso ake amakhala omwewomwewo chaka ndi chaka, ndiye tawasonkhanitsa pano, kuyambira osavuta mpaka ofuna kufotokoza mozama.

Kodi Clarens ili kuti?

Clarens ndi tauni yaing'ono ya ku South Africa, kum'mawa kwa chigawo cha Free State, m'munsi mwa mapiri a Maloti amene amapitirira mpaka kukalowa m'dziko la Lesotho. Kuchokera ku Johannesburg ndi makilomita opitirira pang'ono 300. Tauni yaikulu yoyandikana nayo ndi Bethlehem, pamtunda wosakwana makilomita 40.

Tauniyi inakhazikitsidwa mu 1912, ndipo dzina lake analitenga ku Clarens wa ku Switzerland, kumene Paul Kruger, pulezidenti wakale wa Maburu a ku Transvaal, anamwalirira mu 1904. Ili pamalo okwera mamita opitirira 1,800, kutanthauza kuti yaposa ngakhale Dedza. Pakati pake pali bwalo lalikulu la kapinga, lozunguliridwa ndi malo odyera, mashopu ndi nyumba zogulitsiramo zojambulajambula, ndipo mutha kulizungulira lonse wapansi osatuluka thukuta. Polowa kuchokera ku Bethlehem mudzaona thanthwe lalikulu lotchedwa Titanic Rock, lomwe limaoneka ngati kutsogolo kwa sitima yapamadzi. Pambali pa tauniyi pali Kgubetswana, kumene kumakhala anthu ambiri olankhula Sesotho amene amagwira ntchito m'malo ogona ndi odyera a ku Clarens.

N'chifukwa chiyani anthu amalimbikira zopitako nthawi ya masika?

Chifukwa cha mitundu. Alimi akale anabzala mitengo ya poplar m'mbali mwa misewu, m'malire a minda ndi m'mphepete mwa mitsinje, pamodzi ndi misondodzi. Mitengoyi si yachilengedwe cha kumeneko, inachokera kunja, ndipo kukayamba kuzizira masamba ake amasanduka achikasu chowala asanayoyoke. Nthawi yomweyo udzu wa m'mapiri umachoka kubiriwira n'kuyamba kufiirira. Kumbuyo kwa zonsezi kuli matanthwe a mwala wamchenga, ofiira m'munsi ndi otuwira pamwamba, amene dzuwa likapendeka amaoneka ngati akuyaka. Zitatuzi zimakumana kwa masabata ochepa okha pachaka.

Palinso chifukwa china chimene oyenda m'mapiri amachidziwa bwino. Kuyambira Novembala mpaka Febuluwale derali limakhala ndi mvula ya ziphaliwali masana, ndipo kukhala pamwamba pa thanthwe lopanda pobisala mphezi zikung'anima n'kuika moyo pachiswe. Pofika Epulo mvulayo imakhala itachepa kwambiri, kumwamba kumayera, ndipo dzuwa silipweteka ngati mmene limachitira mu Disembala.

Ndiye ndipite sabata iti kwenikweni?

Ngati mukufuna masamba achikasu, lozani kuyambira sabata yachitatu ya Epulo mpaka masiku oyambirira a Meyi. Palibe amene angakulonjezeni tsiku lenileni, chifukwa mitengo imatsatira kuzizira kwa usiku, osati kalendala. Chaka chimene chisanu chafulumira, masamba amasintha msanga, ndipo mphepo yamphamvu ya masiku awiri itha kugwetsa theka la masambawo. Pofika Juni mitengo yambiri imakhala itatsala nthambi zokha.

Pali chinanso choti musankhe. Maluwa a cosmos, apinki, oyera ndi ofiirira, amadzadza m'mbali mwa misewu ya kum'mawa kwa Free State kuyambira chapakati pa Malichi mpaka mu Epulo, koma chisanu choyamba chikangogwa amafota. Wofuna maluwa afulumire, wofuna masamba achedwerepo pang'ono. Chapakati pa Epulo nthawi zina mutha kupeza zonse ziwiri, ngakhale kuti chilichonse chimakhala chisanafike kapena chitapitirira pachimake.

Njira yabwino yodziwira mmene zinthu zilili ndi kupempha a kumalo amene mukagone kuti akutumizireni chithunzi cha mitengo ya panja pawo sabata imodzi ulendo usanafike. Ambiri sakana.

Kodi kumadzadza anthu?

Kumapeto kwa sabata, inde, ndipo nyengo imeneyi ndi imene South Africa ili ndi maholide otsatizana: pa 21 Malichi, Lachisanu Loyera ndi Lolemba la Isitala, pa 27 Epulo, kenaka pa 1 Meyi. Awiri omalizawa amagwera ndendende nthawi ya masamba achikasu, ndipo anthu ambiri amawalumikiza n'kupanga tchuthi cha sabata yonse. Masiku amenewo malo ogona amatha miyezi isanakwane, mitengo imakwera, eni nyumba ambiri safuna mlendo wa usiku umodzi, ndipo pabwalo paja pamadzadza magalimoto ndi njinga zamoto za ochokera ku Gauteng.

Ngati abwana anu angakuloleni, pitani Lolemba mubwere Lachinayi. Tauni imakhala phee, njira za m'phiri mumayenda nokha, ndipo malo ambiri amatsitsa mtengo pakati pa sabata. Chovuta chake n'chakuti malo ena odyera ndi mashopu ena amapumula Lolemba kapena Lachiwiri, ndiye musadalire malo amodzi.

Kumazizira bwanji, ndipo ndinyamule zovala zotani?

Apa ndi pamene alendo ambiri amapusitsika. Masana a mu Epulo amakhala ofunda bwino, cha m'madigiri 20, moti munthu amayenda ndi malaya okha. Dzuwa likangobisala kuseri kwa phiri kuzizira kumatsika mwadzidzidzi, ndipo mu Meyi si zachilendo kudzuka m'mawa n'kupeza udzu ndi magalasi a galimoto zitayera ndi mame oundana. Mu Meyi dzuwa limalowa isanakwane hafu pasiti faifi, choncho madzulo ozizirawo amakhala aatali.

Nyamulani zovala zoti muziphatikiza ndi kuvula mosavuta: malaya opepuka, juzi, ndi jekete yotchinga mphepo pamwamba. Onjezani chipewa chofunda, masokosi okhuthala ndi nsapato zogwira bwino pamwala. Chipewa cha dzuwa ndi mafuta opaka pakhungu ndi pamilomo musaziiwale, chifukwa mpweya wa kumeneko ndi wouma, milomo imang'aluka pa masiku awiri okha. Ana ndi agogo awonjezereni chofunda china.

Ndikafika bwanji kuchokera ku Johannesburg?

Pagalimoto ndi ulendo wa maola atatu ndi theka kapena anayi. Njira yozolowereka ndi kutsika ndi msewu waukulu wa N3 kulowera ku Durban, kupatukira ku Warden n'kutenga R714 mpaka ku Bethlehem, kenaka kulowera kum'mwera mpaka ku Clarens. Pa N3 pali matologeti awiri musanafike ku Warden, la De Hoek ndi la Wilge, ndiye ikani ndalama yake pambali. Njira ina ndi yopitirira mpaka ku Harrismith n'kutenga R712, yomwe imadutsa pafupi ndi Phuthaditjhaba n'kulowa m'kati mwa paki ya zachilengedwe ya Golden Gate Highlands National Park. Ndi yotalikirapo koma ndi yokongola kwambiri, ndipo ndi nzeru kupita ndi njira imodzi n'kubwerera ndi inayo.

Misewu ing'onoing'ono ya ku Free State imakhala ndi maenje, ndipo ng'ombe, akavalo ndi anthu oyenda pansi amapezeka mumsewu madzulo. Nyamukani m'mawa kuti mukafike kukuwala.

Nanga ndilibe galimoto?

N'zotheka, koma n'zovutirapo. Kwerani basi kapena tekisi mpaka ku Bethlehem, kenaka tekisi ina ya ku Clarens. M'tauni momwemo simufunika galimoto, ndipo njira za m'phiri za Clarens Village Nature Reserve zimayambira m'mphepete mwa tauni. Vuto ndi la ku Golden Gate, pamtunda wa makilomita pafupifupi 20, kumene muyenera kupangana ndi munthu wokakutulani ndi kudzakutengani. Ngati muli anayi kapena asanu, kusonkherana n'kubwereka galimoto ku Johannesburg kumapepuka kuposa kulipira maulendo amenewa mmodzimmodzi.

Masiku angati ndi okwanira?

Mausiku atatu. Awiri amatheka, koma tsiku lofika ndi lobwerera limathera pamsewu, ndiye mumatsala ndi tsiku limodzi lokha, lomwe liyenera kupita lonse ku Golden Gate. Ndi mausiku atatu mumapeza tsiku lina la m'tauni, la ku mtsinje wa Ash kapena la msewu wa ku Fouriesburg.

Ndigone m'tauni, pafamu kapena m'paki?

Zimadalira chimene mwatsata. Wogona pafupi ndi bwalo amapita kokadya madzulo wapansi, osavutika ndi kuyendetsa usiku, koma Lachisanu ndi Loweruka phokoso limamupeza. Nyumba za m'mafamu ozungulira n'zabata ndipo zambiri zili pakati pa mitengo ya poplar yomweyo, kungoti zina zimafikiridwa ndi misewu yafumbi, choncho funsani ngati galimoto yaing'ono imadutsa. M'paki ya Golden Gate muli malo a SANParks, bungwe loyang'anira mapaki a dzikolo: Glen Reenen, kumene kuli tinyumba ndi malo okhomapo matenti, Golden Gate Hotel moyang'anizana ndi thanthwe la Brandwag, Highlands Mountain Retreat pamwamba penipeni pa phiri, ndi nyumba za ku Basotho Cultural Village. Kwa munthu amene wabwerera mapiri, Glen Reenen ndiye malo ake, chifukwa njira zambiri zimayambira pakhomo pomwepo ndipo dzuwa lam'mawa limakupezani muli kale pansi pa matanthwe. Matenti mu Meyi asiyireni amene ali ndi zofunda zoyenera.

Kulikonse kumene mungasankhe, funsani mafunso atatu musanatumize ndalama: kodi m'nyumbamo muli posonkha moto kapena hita, nkhuni amapereka kapena mugula nokha, ndipo pabedi pali bulangete lamagetsi? Nyumba zambiri za kumeneko ndi zamiyala, zokongola pachithunzi koma zozizira koopsa usiku. Musagone ndi mbaula yamakala m'chipinda chotseka, utsi wake umapha mwakachetechete.

Ndingachepetse bwanji ndalama zowononga?

Ndalama zambiri zimapita ku malo ogona, mafuta a makilomita opitirira 600 kupita ndi kubwera, ndi chakudya cha m'malesitilanti. Mafutawo simungawachepetse, koma zinazo mungathe. Pezani nyumba yodziphikira nokha, mugawane mtengo ndi banja lina, ndipo zakudya mukagule ku masitolo akuluakulu a ku Bethlehem musanalowe mu Clarens, kumene mashopu ndi ang'onoang'ono. Ufa wa nsima, ndiwo zamasamba ndi nyama yowotcha zonse zimapezeka ku Bethlehem. Mukatero mutha kusunga ndalama ya chakudya chimodzi chapabwalo, ndipo ngati mumadya nsomba, lawani trout, imene imawetedwa m'madzi ozizira a m'derali. M'malesitilanti mwambo wake ndi kuwonjezera pafupifupi 10 peresenti ya bilu kuti ipite kwa woperekera chakudya. Za kutsika kwa mitengo pakati pa sabata onani yankho la funso la kudzadza kwa anthu.

Kodi ku Golden Gate amalipiritsa? Ndamva kuti alendo akunja amalipira zambiri.

Msewu wa R712 ndi wa aliyense, ndipo wongodutsa salipira. Mukafuna kuyenda m'njira za m'phiri, kulowa m'misewu yoonera nyama kapena kugona m'pakimo, mumalipira ndalama yosamalira chilengedwe pa munthu aliyense patsiku. SANParks ili ndi mitengo itatu: wa nzika za South Africa ndi okhala m'dzikomo mokhazikika, wa nzika za maiko a SADC, ndi wa alendo ena onse, womwe ndi wokwera kwambiri. Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe onse ali mu SADC, koma mtengowo amakupatsani pokhapokha mutaonetsa pasipoti. Mukaisiya kunyumba adzakulipiritsani ngati mwachokera ku Ulaya. Munthu aliyense m'galimotomo anyamule yake.

Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1963 ndipo pano ndi yaikulu masikweya kilomita pafupifupi 340. Dzina lake linachokera ku mmene matanthwe a pakhomo pa chigwacho amawalira ngati golide dzuwa likamalowa, ndiye konzani tsiku lanu kuti ola lomaliza la dzuwa likupezeni pafupi ndi Brandwag.

Ndi njira ziti za m'phiri zimene munthu wosazolowera angakwanitse?

Yambani ndi Mushroom Rock, yomwe ndi yaifupi ndipo ana amaikwanitsa. Echo Ravine imalowa mumpata wopapatiza pakati pa makoma aatali a mwala, momwe mumazizira ngakhale masana. Brandwag Buttress ndi yaifupinso koma ndi chikweza chenicheni, ndipo chakumapeto kuli tcheni chogwirira pokwera. Pamwamba pake mumaona chigwa chonse, ndipo ngati miyendo yanu ingalole njira imodzi yokha yokwera, sankhani imeneyi. Holkrans imadutsa m'mapanga aakulu ndipo ili ndi makwerero amatabwa.

Wodehouse Peak ndi ya maola angapo, yofuna anthu olimba ndi osaopa phompho. Ribbok ndi ya masiku awiri, yogona m'kanyumba ka m'phiri, ndipo muyenera kusungitsiratu malo. Ku Cathedral Cave amapita ndi wolondolera wa paki basi, ndipo amatsekako nthawi imene mbalame za southern bald ibis zikuswa.

Kumbukirani kuti muli pamwamba kwambiri, mpweya ndi wochepa, ndipo kupuma mwawefuwefu pachikweza chaching'ono si chizindikiro cha matenda. Yendani pang'onopang'ono, nyamulani madzi, uzani a ku ofesi njira imene mwatenga, ndipo njira zazitali muziyambe m'mawa chifukwa mdima umafulumira, monga tanenera pa funso la kuzizira. Udzu wa nyengo imeneyi umakhala ukuuma, ndiye moto musonkhe pamalo okhawo amene anakonzera.

Kuli nyama zanji? Mikango iliko?

Kulibe mikango kapena njovu, n'chifukwa chake mumaloledwa kuyenda nokha wapansi. Wofuna nyama zikuluzikulu apite ku paki ya Kruger National Park. Kuno mudzaona mbidzi, nyumbu zakuda, ntchefu ndi agwape a mitundu ya blesbok ndi springbok zikudya m'madambo a udzu, makamaka m'misewu iwiri yozungulira, Blesbok Loop ndi Oribi Loop. Pa Oribi Loop pali kanyumba kobisalamo poonera miimba, ndipo wamwayi amaona bearded vulture, mbalame yosowa kwambiri kum'mwera kwa Africa, imene imadya mafupa ndipo aakulu imawagwetsa pamwala kuchokera m'mwamba kuti asweke. Anyani alipo ambiri ndipo anazolowera anthu. Musawapatse chakudya, ndipo tsekani mazenera a nyumba ndi a galimoto.

Tili ndi ana. Sakatopa ndi mapiri okhaokha?

Sakatopa. M'zaka za m'ma 1970, katswiri wa mafupa akale James Kitching anapeza m'pakiyi mazira a dinosaur (nyama yakalekale imene inatha padziko) yotchedwa Massospondylus, a zaka pafupifupi 190 miliyoni, ena ali ndi ana m'kati. Ndi ena mwa mazira akale kwambiri a mtunduwu amene anapezekapo padziko lonse. Mu 2025 anatsegula m'pakimo Kgodumodumo Dinosaur Interpretation Centre, kumene nkhaniyi imafotokozedwa pamodzi ndi nthano za Asotho za chilombo chotchedwa Kgodumodumo. Mwana wa sukulu atha kutha maola awiri mmenemo osapempha foni.

Ku Basotho Cultural Village amaonetsa mmene nyumba ndi moyo wa Asotho zasinthira kuyambira zaka mazana angapo zapitazo. Mafamu angapo ozungulira Clarens ali ndi akavalo okwera, ndipo amalandira ngakhale amene sanakwerepo. Pofika paliponse, moni wa «Dumela» kwa mmodzi kapena «Dumelang» kwa ambiri, ndi «Kea leboha» pothokoza, amatsegula nkhope za anthu.

Kodi za mtsinje wa Ash ndi zotani?

Pamtunda wa makilomita ochepa kuchokera ku Clarens, kulowera ku Bethlehem, pali malo amene madzi ochuluka amatuluka pansi pa phiri n'kugwera mumtsinje wa Ash. Madziwa amachokera ku damu la Katse m'mapiri a Lesotho, amadutsa m'ngalande zapansi pa nthaka kudzera ku 'Muela kumene amapangira magetsi, ndipo akatuluka apa amatsika mpaka kukafika ku damu la Vaal. Imeneyi ndi ntchito ya Lesotho Highlands Water Project, yomwe inayamba kutumiza madzi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Ngati mumakhala ku Johannesburg, gawo la madzi a pampopi panu limadutsa pamalo amenewa, ndipo n'koyenera kupatukirapo mphindi makumi awiri.

Chifukwa madziwo sadalira mvula ya m'deralo, mtsinjewu umathamanga ngakhale nyengo youma, ndipo makampani a ku Clarens amatengerako alendo kukapalasa mabwato a mphira m'mathithi. Madzi ake ndi ozizira kwambiri chaka chonse, choncho m'masika sankhani ulendo wa masana ndipo funsani ngati amapereka zovala zotchinga kuzizira. Nthawi zina ngalandezo amazitseka kuti azikonze, monga anachitira kuyambira Okutobala 2024 kwa miyezi yopitirira isanu ndi umodzi, ndiye funsiranitu ngati madzi akuyenda.

Ndingadumphire ku Lesotho tsiku limodzi?

Mungathe. Chipata cha Caledonspoort chili pafupi ndi Fouriesburg ndipo chimakulowetsani ku Butha-Buthe. Pafunika pasipoti ya aliyense, mapepala a galimoto, ndi kalata yochokera ku kampani kapena kubanki ngati galimotoyo ndi yobwereka kapena ya ngongole. Ndalama ya rand imagwira ntchito ku Lesotho.

Koma chenjezo ndi ili: kutuluka n'kosavuta, kubwerera mu South Africa ndi kumene amaunika mapepala anu. Kupita ku Lesotho sikuwonjezera masiku amene anakudindirani polowa, ndipo amene wapitiriza masiku ake amaletsedwa kulowanso m'dzikomo kwa nthawi. Ngati chilolezo chanu chokhalira chili ndi funso lililonse, kapena muli pa pepala la opempha chitetezo, ulendo umenewu usiyeni. Msewu wa ku Fouriesburg pawokha ndi wokwanira tsiku: mitengo yachikasu ndi yambiri m'mbali mwake, ndipo umadutsa pa Surrender Hill, pamene asilikali a Maburu opitirira 4,000 otsogozedwa ndi Marthinus Prinsloo anagonja kwa Angerezi mu Julaye 1900.

Nanga malungo, chipatala ndi chitetezo?

Derali lilibe malungo, simufunika mankhwala oteteza. Zipatala zazikulu, za boma ndi zolipira zomwe, zili ku Bethlehem, choncho mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku munyamuliretu okwanira. Nambala ya zadzidzidzi pafoni ya m'manja ndi 112, koma m'zigwa zina za m'paki netiweki imasowa. Tauniyi ndi yabata poyerekeza ndi mizinda ikuluikulu. Komabe musasiye katundu poonekera m'galimoto, ndipo m'phiri muziyenda awiri kapena kuposerapo.

Ndikuchokera ku Malawi. Ulendowu ndi woyenera?

Pawokha ndi wodula, koma ngati mukubwera kale kudzaona abale ku Joni mu Epulo kapena Meyi, kupatula masiku atatu kapena anayi n'koyenera ndithu. Ndege za ku Lilongwe ndi Blantyre zimatera pa bwalo la OR Tambo ku Johannesburg, ndipo ku Clarens kulibe ndege zonyamula anthu, ndiye gawo lotsalalo ndi la pamsewu monga tafotokozera pamwambapa. Wa pasipoti ya Malawi amaloledwa kucheza mu South Africa mpaka masiku 30 popanda viza. Werengani bwino tsiku limene alemba pachidindo chanu, ndipo ulendo wa ku Clarens muuike pakati pa masikuwo, osati kumapeto kwenikweni.

Ndachedwa kusungitsa malo ndipo ku Clarens kwadzadza. Nditani?

Yang'anani ku Fouriesburg, pamtunda wa makilomita pafupifupi 35, kumene kulinso matanthwe ndi mitengo yachikasu ngati ya ku Clarens ndipo nthawi zambiri mitengo ya malo ogona ndi yotsikirapo. Ku Bethlehem kuli malo ogona ambiri amene pakati pa sabata amadalira anthu apantchito, choncho kumapeto kwa sabata zipinda zimapezeka. Yesaninso webusaiti ya SANParks masiku ochepa ulendo usanafike, chifukwa ena amabweza malo awo ku Glen Reenen. Zonsezi zikakanika, sunthani ulendowo ndi sabata imodzi, kuti mukafike holide ya pa 1 Meyi itadutsa. Zaka zambiri masamba amakhala akadalipo, zipinda zimakhala zatseguka, koma jekete ikhale yokhuthala kuposa imene mukananyamula mu Epulo.